Kachisoti ka Kumapeto kwa Waya

Chaka chimene kampani ya thonje inamanga shedi yaikulu pafupi ndi boma la Chadiza, ine n'kuti ndili mkamwini watsopano m'mudzi wina wa kwa Zingalume. Mbiri yanga inafika kumeneko ine ndisanafike. Sukulu ndinaisiyira mu giredi seveni, tsiku limene ine ndi aphunzitsi a masamu tinasiyana maganizo, desiki n'kugwa chagada. Kuchigayo mwezi sindinaumalize. Pa minibasi ya ku Chipata ndinali kondakitala mpaka ulendo umene ndinatsitsa munthu panjira, nkhuku zake, ndi mpando womwe anakhalira. Anthu ankati ndili ndi mtima wapachala. Ine ndinkati anthu ndiwo amachedwa kumva.

Ndiye tangoganizani munthu wotere ali kuchikamwini. Nyumba umanga kwawo kwa mkazi, munda ulima wa eni ake, ukatsokomola mudzi wonse wamva. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, moni wawo wa m'mawa unali umodzimodzi: "Alamu, mwadzuka bwanji? Lero akakuchotsani kuti?" Ndinkaseka nawo ndi mano okha.

Munthu mmodzi yekha ndiye sindikanakangana naye ngakhale nditafuna: apongozi anga aakazi. Mwambo sunkalola. Kuyankhula nawo ayi, kudya pamene iwo ali ayi, kuwayang'ana kumaso ndiye usayerekeze. Tikakumana panjira ine ndinkalowa patchire, kaya pali minga kaya chitedze, iwo n'kutembenukira kwina mpaka nditadutsa. Ndinkawadziwira mapazi, chitenje cha maluwa achikasu, ndi kuyetsemula. Ankakoka fodya wa m'mphuno mayi aja, ndipo akati ayetsemule nkhuku zinkabalalika pabwalo. Kuyetsemulako kunkandithandiza kwambiri, chifukwa ndinkadziwiratu mbali yothawira.

Ku shedi ndinalowa ngati wonyamula matumba, ganyu wamba. Tsiku lina kunabwera galimoto yodzaza makatoni, ndipo munatsika mmisiri wa ku Lusaka, bambo wamfupi, wa kamimba kake, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, woyankhula Chinyanja cha m'tauni. Anafunsa ngati pali wina wosaopa kukwera kudenga. Asanatseke pakamwa ine n'kuti ndili kale pamtanda, miyendo ili lendelende.

"Iwe, bwela pansi," anatero. "Sininakuuze vochita. Manje ukagwa nizakamba chani kuli amai ako?"

M'shedimo munali makina awiri atsopano. Pakhomo panali sikelo yamagetsi, chitsulo chachikulu chapansi choti n'kuunjikapo matumba a ngolo yonse. Kumapeto kwenikweni, pangodya yamdima, kunali chimakina chopanikiza thonje kuti likhale mabelo. Makina alionse anali ndi bokosi lake lotuwa pakhoma, lomwe linkawalamulira, titi mutu wake. Mu ofesi munali kompyuta. Ntchito ya mmisiri inali yoti zitatuzi ziziyankhulana, kuti thumba likakwera pasikelo nambala izipita yokha ku ofesi, osadzera m'bolopeni ya kalaliki.

Masana a tsiku lomwelo, tikukukuta chimanga chootcha pamthunzi wa galimoto, anandiuza nkhani imene inandilanda tulo. Kampani inkafuna munthu mmodzi wa konkuno woti azisamala mawaya ndi mabokosi iye akabwerera.

"Vikakambisana pa tsiku lotsegula msika, nchito ni yako," anatero. "Vikakana, ine bazanibweza ku Lusaka, batume wina na munthu wake. Iwe ubwelele ku masaka."

Ntchito yokhazikika! Ya ovolosi! Ndinaona kale nkhope za alamu anga.

Choyamba anandimanga kalamba padzanja, kokhala ndi waya wopanira kuchitsulo. Anzanga onyamula matumba anati ndi chithumwa. Mmisiri anati m'thupi la munthu muli timagetsi tomwe timapha khadi, makamaka munthu wamoto ngati ine. Khadilo linali kathabwa kobiriwira kokwana pachikhatho, kodzaza timisewu, kokhala ndi mano agolide mmunsi. Ndilo linali pakamwa pa bokosi: popanda khadi bokosi limadziwa zinthu koma silinganene. Umaligwira m'mbali ngati chithunzi cha paukwati. Umalunjika mano aja pampata wake, n'kukanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri mpaka limveke khe! Loyamba ndinakanikiza ngati ndikupha nsikidzi. Mmisiri anatseka maso.

"Monga ugwila mwana, iwe! Mwana!"

Pakhadi lililonse panali timapini tovekedwa tinthu takuda tonga nkhupakupa, iye ankati majampa. Ukasuntha kamodzi, khadi lasintha nambala yake. Bokosi lililonse linkafunika nambala yakeyake, apo ayi kompyuta ikaitana limodzi ankayankha awiri. Kenako waya: wakuda, wonenepa ngati pensulo, umodzi wokha kuchokera mu ofesi, kudutsa pa bokosi la sikelo, kukwera kudenga, kuyenda mtanda ndi mtanda mpaka kukatsikira pa chimakina cha mabelo. Kudengako ndiye kunali kwanga. Osaukoka mwaukali, osaupinda ngati ndolo, osaupondaponda. Malamulo onsewo ankaoneka ngati anawalembera ine.

Pa bokosi lililonse wayayo ankalumikizidwa ndi kamphanda kachitsulo. Ndipo kumapeto konse kuwiri, ku ofesi ndi ku chimakina, mmisiri anavekako kachisoti konyezimira kokhala ndi katcheni kolendewera. Iye ankati tamineta. Ndinamufunsa ntchito yake, popeza sikankapita kulikonse.

Anandifunsa ngati ndinapititsapo ng'ombe kudipi. Ndinati kambirimbiri. Anati ndiganize ng'ombe zili m'kanjira kopapatiza kaja, yakutsogolo yafika kumapeto, yachita mantha, yatembenuka. Chimachitika n'chiyani? Ndinati zimagundana zonse, nyanga ndi matako, palibe yopita. Anati basi, mawu a m'waya ndi choncho. Akafika kumapeto n'kupeza palibe chisoti, amabwerera n'kugundana ndi anzawo. Chisoticho chimawameza.

Tsiku limene tinayatsa koyamba sindidzaliiwala. Jenereta inalira, timagetsi tobiriwira tinaphethira kumbuyo kwa mabokosi, mmisiri anagogoda pakompyuta n'kundiuza kuti ndikakwere pasikelo. Ndinakwera. Ndinamva akufuula mu ofesi kuti nambala yafika. Ndinadumpha, liwiro, kukalowa mu ofesi, kuyang'ana pagalasi la kompyuta: ziro.

"Ili kuti?"

"Yachoka na iwe," anatero.

Ndinabwereranso, kukwera, iye kufuula, ine liwiro. Ziro. Kachitatu ndinavula nsapato kuti ndithamange bwino. Mmisiri anakhala pansi ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe, magalasi ali m'manja. Ndiye ndinayamba kukweza anthu ena kuti ine ndizionera: mlonda, kalaliki, mayi wogulitsa zitumbuwa ndi beseni lake, galu wa mlonda, kenako onyamula matumba onse pamodzi atagwirana m'chiuno akuimba. Nambala inkavina pagalasi iwo akamavina. Madzulo ake ndinapita kumudzi kalamba kaja kali padzanja, waya wake ndikumuzunguza ngati mchira. Alamu anga anafunsa ngati achipatala andipeza ndi matenda.

Msika wa thonje utatsala pang'ono kutsegulidwa, kampani inaitana amayi a m'midzi yozungulira kudzasesa shedi. Pansi panali zinyalala za ntchito yathu: tizidutswa ta waya, makatoni, zoyerayera zopepuka zotetezera katundu, mapulasitiki a timatuza tomwe ana amaphulitsa. Kwathu zotere sizitayidwa. Kachidutswa ka waya ndi chibangili, katoni ndi sutikesi. Mmisiri anaona maso a amayi aja n'kukweza manja.

"Tengani! Vonse vosagwila nchito, tengani!"

Ine ndinali pamakwerero ndikukhoma timisomali ta waya. Ndinamva kuyetsemula pakhomo. Sindinachite kufunsa. Ndinatsika, kutulukira khomo lakumbuyo, n'kukakhala kuseri kwa thanki ya dizilo mpaka kusesa kutatha. Ndinawerenga nyerere. Zomwe zinachitika m'shedimo masana amenewo sindinazione.

M'mawa mwake, tsiku loti mawa msika, tinayatsa jenereta. Ndinakweza thumba pasikelo. Mu ofesi zii. Kompyuta inalemba mzere umodzi wachizungu, mmisiri anati ikunena kuti yaitana koma palibe woyankha.

Poyamba sanade nkhawa. Anazimitsa zonse n'kuyatsanso. Zii. Anati mwina fumbi la thonje, ndipo ndinauzira m'mabokosi ndi pampu ya njinga mpaka mikono kuwawa. Zii. Tinazula khadi la mu kompyuta, anapukuta mano agolide aja ndi labala wa pensulo, ndinalibwezera, khe! Zii. Anasuntha nkhupakupa zija, uku, uko, kuzibwezera pakale. Anatulutsa khadi lapadera, limodzi lokhalo lomwe anabwera nalo, kuliyesa mu ofesi, kuliyesa pa sikelo. Anatukwana jenereta. Ine ndinatukwana jenereta, khoma, ndi kalaliki amene ankangoti suzumiru pakhomo kufunsa ngati zatheka. Dzuwa linafika pamutu malaya a mmisiri atamatirira kumsana.

Kenako anadzimenya pachipumi. Anatenga mita yake, kabokosi kachikasu ka mawaya awiri, anamasula kamphanda ka mu ofesi n'kugunditsa nsonga za mawayawo pamenepo. Anandionetsa. Zisoti zonse ziwiri zikakhalapo, mita imayenera kunena twente-faifi. Inkanena fifite.

"Chimodzi kulibe," anatero. "Ichi cha muno nichiona. Tiye."

Tinatsata waya, maso kudenga, mpaka kungodya yamdima. Kuseri kwa chimakina cha mabelo pansi panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Kamphanda kanali pamalo pake. Mbali imodzi waya. Mbali inayo kukamwa kuli yasa, chisoti palibe.

Zomwe zinandigwira pamenepo ndimazidziwa bwino, zimayambira m'makutu. Ndinatola pulayasi ya mmisiri, kuthamanga, kukwera pasikelo pakhomo pomwe panali anthu ambiri, alimi obwera kudzafunsa za mawa, onyamula matumba, ogulitsa nzimbe.

"Tamverani nonse! Pali mbava yatenga kachisoti ka kampani! Kachitsulo konyezimira, ka tcheni! Ndikamugwira ameneyo, kaya ndi ndani, kaya ndi wamkulu bwanji, ndimugulula mano limodzilimodzi ndi pulayasi iyi! Adzamwa phala mpaka kumanda!"

Wina anafunsa ngati nambala yanga yafika ku ofesi. Anthu anaseka, ine moto unakula. Ndinayendera njinga zonse zoimikidwa pamtengo kuona ngati wina wakavekera pa vavu ya tayala. Ndinagwira mlonda pakolala, munthu wamkulu wopemphera, mpaka anatulutsa matumba a buluku: munali korona ndi mtedza. Mmisiri anachita kundikoka ndi lamba.

Chisoti chapadera analibe. Tinapita kumsika wa paboma kwa wokonza mawailesi, mmisiri anasanthula m'chitini cha tizitsulo takale kufuna koti apangire china, anapeza tosayenera tokhatokha. Tinayesabe. Nambala inabwera kamodzi, theka, n'kuthawa. Kuitanitsa china ku Lusaka kukanatenga masiku, msika uli mawa, bwana manijala akubwera kuchokera ku Chipata kudzaonera. Mmisiri anakhala pakatoni n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Yenda ku nyumba, mwana. Ukapeze mphamvu ya masaka."

Ndinafika kumudzi dzuwa likadali pamwamba, ndikukankha miyala ndi phazi. Ndikuyandikira pabwalo ndinamva kuyetsemula, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinakhotera kuseri kwa nkhokwe. Koma ulendo uno pambuyo pa kuyetsemulako panamveka kena. Ngwee, ngwee. Kachitsulo. Ndinasuzumira pansi pa nkhokwe, pomwe mwambo umalola: mapazi, mkeka, lichero la mtedza, manja. M'manjamo munali kabango kosungiramo fodya. Pakamwa pa kabangoko panali povundikiridwa bwinobwino ndi chinthu chonyezimira, katcheni kake kakugwedera padzuwa.

Ndinakhala pansi pa zitosi za nkhuku.

Ndinakodola mkazi wanga, amene ankapeta chapafupi. Anabwera akupukuta manja, milomo ataifinya ngati munthu wosunga madzi m'kamwa.

"Chili pa bango la amayi n'chiyani?"

"Chivundikiro. Chokongola, eti? Anatola ku shedi kwanu."

"Kutola? Chinthu chochita kupotokola?"

"Tsitsani mawu, inu. Kapena mwabwera nayo pulayasi?"

Nkhani inali itafika kale. Inabwera panjinga, ine ndikubwera wapansi. Nditacheuka ndinaona alamu anga atakhala pa ngolo, ana a mudzi wonse ali mumtengo wa mango, ndi azakhali ena amene sanatulukepo m'nyumba chiyambire chisanu atawatulutsira mpando.

Ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe, msana kuloza pabwalo. Apongozi anatembenukira kukhola. Mkazi wanga anaima pakati. Mtunda wake unali woti ngakhale kunong'ona tinkamvana bwinobwino, koma mawu sawerengedwa mpaka atanyamulidwa.

"Uwauze," ndinatero, "kuti chinthucho n'cha kampani, abweze msangamsanga."

"Amayi, akuti mwaswera bwanji."

"Uwauze ndaswera," anayankha apongozi, mtedza ukusweka m'manja. "Kaya iwo ndi zipangizo zawo."

"Akuti aswera."

"Sindinafunse zimenezo! Uwauze kuti chifukwa cha iwo makina onse aima!"

"Amayi, akuti mtedza wa chaka chino wabereka."

Alamu mmodzi anagwa pa ngolo.

Apongozi anatsegula kabango, ngwee, anakoka pang'ono, tinadikira onse, anayetsemula, nkhuku zinathawa n'kubwerera. Kenako anayankhula mosafulumira.

"Uwafotokozere apongozi angawo. Bambo wa magalasi anati titenge zosagwira ntchito. Ine sindine mwana, ndinayang'ana bwino. Chingwe chachoka mu ofesi chapita pa sikelo, ndinachisiya. Chachoka pa sikelo chakwera kudenga chapita ku chimakina, ndinachisiya. Aka kokha ndi kamene sikankapita kulikonse. Kanangokhala phee kumapeto, kuwala kokhakokha, ngati mkamwini pakhonde."

Mkazi wanga anatembenukira kwa ine. "Akuti..."

"Ndamva!"

"Simunamve. Sindinanene."

Makutu anayamba kutentha. Ndinkadziwa kuti ndikangoimirira n'kutembenuka, kachisoti kaja kakagona m'chimbudzi, ine n'kukagona kwa amayi anga, ovolosi n'kuvala wina. Pansi panali chitsononkho. Ndinachitola n'kuchiluma. Ndinachiluma zolimba mpaka nsagwada kulira. Ana a mumtengo anauza anthu apansi kuti alamu akudya chitsononkho.

"Uwauzenso," anapitiriza apongozi, "kuti mano ndatsala nawo owerengeka. Abwere asankhe lomwe akufuna, koma lakumanzereli alisiye, ndimatafunira nzimbe."

Ndinachotsa chitsononkho m'kamwa. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina.

"Uwauze kuti pulayasi inali yobwereka. Ndabweza."

Ulendo uno mkazi wanga ananyamula mawu onse osasintha ngakhale limodzi.

"Uwauzenso kuti kachisotiko kamaoneka ngati kakungokhala, koma kakachoka, zonse zimasokonekera. Ndipo kakapanda kubwerera mawa m'mawa, ine ntchito yatha."

Anawauza. Kenako apongozi anatchula zofuna zawo. Sapereka kwa ine, sapereka kwa mwana wawo. Anthu a ku shedi anamva kuti kuli mbava, ndiye anthu omwewo aone mwini wake akubwezera ndi dzanja lake pamalo pomwe anachotsa. Thonje lawo likhale loyamba kukwera pasikelo. Ndipo fodya wawo sangagone pamphepo, ine mkamwini ndipeze chivundikiro china. Ndinayang'ana chitsononkho chinali m'manja mwanga, mano anga ali dindiii pamenepo. Ndinatulutsa mpeni n'kuyamba kusema.

M'mawa tinanyamuka ngati ukwati. Patsogolo ngolo ya thonje, alamu akuyendetsa. Pambuyo pake apongozi, chitenje cha maluwa achikasu, mkazi wanga pambali. Ine njira inali yoletsedwa, ndiye ndinkadzera m'minda chapatali, kulumpha mizere, chisoso chikumatirira buluku mpaka m'mawondo. Apongozi sankafulumira. Aliyense wokumana naye ankamupatsa moni wathunthu, wa ana, wa mbuzi, wa mwendo uja unkawawa chaka chatha. Pafupi ndi boma sindinathenso kupirira, ndinadula liwiro kutsogola.

Ku shedi ngolo ndi njinga zinali zitandandalika mpaka kumsewu. Galimoto ya bwana manijala inali itafika kale. Mmisiri anaima pakhomo la ofesi, nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Kapezeka!" ndinafuula. "Kakubwera!"

"Kali kuti?"

"Kali ndi munthu."

"Manje siunamulande? Iwe wamene unafuna kuchosa anthu meno?"

"Ndi apongozi anga. Aakazi."

Anavula magalasi. Anandiyang'ana, anayang'ana chisoso cha m'buluku langa, kamimba kake kanayamba kugwedezeka. Ngakhale wa m'tauni, anali ndi apongozi akenso. Analowa kukauza bwana kuti makina akufunika kutenthedwa kaye pang'ono.

Apongozi atafika, anthu anapatuka okha. Ine ndinathamangira kungodya ya chimakina, pafupi ndithu poti ntchito inali yanga, n'kuima mphuno itagunda lata la khoma. Zotsatirazi ndinazimva ndi makutu, zina anandiuza mkazi wanga pambuyo pake. Apongozi anamasula kabango pachitenje, anachotsa kachisoti, anatsekapo ndi chitsononkho changa, n'kupatsa mmisiri kuti akaone. Iye anakasuzumira mkati, anaona muli zakuda, n'kuuziramo mwamphamvu.

Fodya wa apongozi anga sanali wamasewera. Ankasakaniza okha ndi phulusa la mtengo womwe ankaudziwa iwo. Mmisiri anayetsemula magalasi n'kuuluka. Bwana manijala, amene anawerama kuti aone nawo, anayetsemula katatu motsatizana n'kuponda phazi la kalaliki. Kalaliki anayetsemula. Mlonda anati Yesu Maria n'kuyetsemula. Shedi yonse inangoti gwedegwede ndi kuseka, ine ndikuseka ndi lata, mapewa okha akugwedezeka.

"Ana a masiku ano," anatero apongozi. "Kakang'ono komweko."

Mmisiri anapukuta kachisoti ndi nthenga ya nkhuku yoviika mu spiriti, anakayesa ndi mita, anati kali moyo. Anafuna kukaveka yekha, apongozi anakana. Ndiye anawamanga kalamba kanga padzanja, kuti mwambo wa ntchito nawonso usaphwanyidwe, n'kuwatsogolera kuseri kwa chimakina. Mapazi awo ndinawaona pansi pa khwapa langa.

"Uwauze," ndinauza lata, "akanikize kaye, kenako apotokolere kumanja mpaka kamveke."

"Amayi, akuti mukanikize kaye, kenako..."

"Uwauze ndikudziwa. Anachotsa ndani?"

Ke!

Ndinamva alamu akuguguza thumba, kuliponya pasikelo, fuu. Ndinamva jenereta. Ndinamva mtima wanga m'makutu momwe muja mumayambira ukali. Pakhoma patsogolo panga panali kanyumba ka mavu, ndinakayang'anitsitsa ngati ndikawerenge.

Kenako mu ofesi kalaliki anakuwa nambala, mawu ake akuthyoka ngati a tambala wamng'ono.

Nthungululu! Amayi osesa aja analulutira, onyamula matumba anamenya malata, wina analiza belu la njinga osaleka. Ine ndinadumphadumpha pamalo amodzi, nkhope kukhoma, manja m'mwamba, ndikufuula kwa mavu. Akuti nambala yoyambayo inali yaikulu modabwitsa, mpaka bwana anatuluka kudzaona thonje lake, n'kupeza apongozi akwera pasikelo pamodzi ndi thumba lawo, akuti akuperekeza. Anawapempha mwaulemu kuti atsike. Iwo anati aitane kaye mwana wawo akaone pagalasi ngati nambala ya iwo okha ikufika. Inafika. Apongozi anga anadziwa kulemera kwawo tsiku limenelo. Ine kwanga sindinakuonebe ndi maso anga.

Chitenje chachikasu chitatuluka, mmisiri anandigwira paphewa n'kunditembenuza. Maso ake anali ofiira ndi fodya. Anandiveka kalamba padzanja, anandipatsa mita yachikasu ija, pamwamba pake n'kuikapo pulayasi.

"Iyi ni ya mawaya," anatero. "Wamvela? Mawaya chabe."

Ntchito yanga yoyamba inali kumangirira katcheni ka chisoti chija ku msomali ndi waya wopota kanayi. Ovolosi inabwera yaikulu, ndinachita kupinda miyendo, koma ndinalowa nayo m'mudzi pang'onopang'ono, kudutsa pa ngolo ya alamu kawiri ngakhale njira sinkadzera pamenepo.

M'mawa mwake ndikumanga nsapato, mkazi wanga analowa ndi kambale ka mtedza wokazinga, wothira mchere.

"Amayi akuti mudye popita."

Ndinadya. Unali wokoma.

"Akutinso chitsononkho chija chikudontha fodya." Anayang'ana kudenga, milomo yayambanso kufinyika. "Ndiye akuti dzulo atasuzumira mu ofesi anaona kuseri kwa kompyuta kuli kena. Akuti nakonso sikakupita kulikonse."

Nsapato inayo ndinakamangira ku shedi.